Wotchi ya Pansi pa Kapeti

Ku Biwi galimoto siifa tsiku limodzi.
Imayamba ndi chifuwa, kenaka matayala aphwa,
udzu umera pansi pa injini,
nkhuku ya eni garaja n'kuyamba kuikira pa mpando wa dalaivala.
Apo ndi pamene amandiitana ine ndi masipanala anga
kudzaphwasula zotsala.

Ndisanamasule nati ndi imodzi yomwe
ndimayamba ndapisa dzanja m'mipata ya mipando.
M'minibasi ya ku Kawale ndinatolamo nsapato ya khanda, yakumanzere.
M'Datisani ina, makobidi odzadza kapu
oti lero sangagule ngakhale machesi.
Kaseti yopanda dzina. Chipeso chaguluka mano.
Lisiti ya feteleza.
Kalata yopinda kanayi
yoyamba ndi "Wokondedwa," n'kuthera pomwepo.

Lachiwiri lapitali inali Pijo yoyera
ya malemu Kalilangwe a ku 18.
Pansi pa kapeti, m'fumbi ndi makoko a mtedza,
kanthu kanandiphethira.
Wotchi. Yagolide. Kachisoti kachifumu pamphumi pake.
Mtima unagunda ngati pisitoni.
Ndisanaipukute n'komwe
ndinali nditakhoma kale malata atsopano ku Chinsapo,
fizi ya Tiyamike nditalipira chaka chonse.

Che Jafali amakhala pakhonde la sitolo mu Malangalanga,
kabokosi patsogolo, kagalasi pa diso.
Sanafulumire.
Anaiyeza pachikhatho ngati phwetekere.
"Yapepuka."
Anaitsegula kumsana ndi kampeni, n'kuseka chamumtima:
"Batire. Yeniyeni sidya batire, mwanawe."
Anaikamo lina, naibweretsa pa khutu langa.
"Ukumva? The, the, the, kudumpha ngati chule.
Muvi wa yeniyeni umatsetsereka ngati oyilo pa chitsulo.
Taona zilembozi, chachitatu chapendama ngati chaledzera."
Anakanda ndi chikhadabo, golide n'kusupuka.
"Za pa Tsoka izi.
Ndikhoza kukupatsa ya basi, chifukwa cha lambayu."

Malata anga anauluka onse popanda mphepo.
Ndinalipira batire, ndalama yanga ya chiwaya,
n'kuima pamsewu akabaza akundiimbira belu.
Sindikudziwa chimene chinandikweza minibasi ya ku 18.

Mayi Nankhoma ndinawapeza akuyanika zovala.
Ataiona anakhala pansi pa sitepe, mapegi ali m'manja.
Anaseka, kusekako n'kusanduka zina.

"Ndinagula ndine," anatero,
"kutsidya kwa mlatho wamitengo wolipiritsa uja,
chaka chimene anawakweza pantchito ku Kapitolo.
Ndinati yachokera ku Joni, kwa achimwene.
Bambowo ntchito yawo inali yowerengera ndalama,
ankadziwa mtengo wa chilichonse, mpaka singano.
Mukuganiza kuti sanaone?
Sanandifunse, ngakhale tsiku limodzi.
Lamulungu lililonse ankapinda mkono wa shati
kuti anzawo a kwaya aione bwino.
Itasowa anagubuduza nyumba yonseyi,
matiresi panja, makabati pansi,
sabata yathunthu osalankhula ndi munthu.
Ndinati ndikagule ina. Anakana."

Anaivala. Inatsetsereka mpaka pa chigongono.
Inkati kota koloko ya naini
dzuwa lili paliwombo.
Ndinati, "Mayi, bweretsani ndiikonze nthawi."
Anabisa mkono m'chitenje.
"Isiyeni, iziyenda momwemo."

Anandipatsa sobo ndi masikono awiri.
Ya basi sindinapemphe, iwonso sanaganize.
Ndinabwerera wapansi, kudutsa pa Lingadzi, fumbi m'mano,
masana onse akundiwotcha pakhosi.

Pijo ndinaipeza ikudikira, zitseko zili yasa,
nkhuku italowamo kale.
Ndinatenga sipanala ya thetini,
koma ndisanagwire nati
ndinapisanso dzanja pansi pa mpando wa kumanzere,
kumene ankakhala mayi aja.
Ndinapezamo kandolo kamodzi, kapulasitiki,
utoto wake wagolide utatha mbali imodzi.